Udindo wa Olandira Zakaat ndi Sadaka kwa Anthu Opereka

Chidule cha khutuba ya Jumu'a

Tiyambe ndi kumtamanda Allah (S.W.T), Mwini chuma chonse cha kumtunda ndi cha m'nyanja, amene adzafunse munthu aliyense za momwe adapezera chuma chake ndi momwe adachigwiritsira ntchito. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), akubanja lake, Maswahaba ake ndi onse owatsatira mpaka Tsiku la Kiyama. Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ine mwini komanso kukulangizani inu kuti timuope Allah pobisika ndi poonekera.

Kawirikawiri tikakwera pa mimbari kukamba za Zakaat ndi sadaka, mawu athu amalunjika kwa mwini chuma. Timamkumbutsa za chilango cha umbombo ndi malipiro a munthu wopereka, ndipo zimenezo ndi zoona. Koma lero uthenga ukupita kwa ife amene timalandira m'dzina la mzikiti, madrasa, ana amasiye ndi mabungwe athu: mashehe, apampando, alembi, asungichuma ndi mamembala onse a makomiti. Funso lathu ndi ili: munthu akapereka chuma chake kudzera m'manja mwathu, amabwerera kunyumba ali ndi mtima wotani?

Tonse tidaonapo makoma a mizikiti kapena makalasi a madrasa omwe adaima pa mawindo, udzu n'kumera m'kati. Mukafunsa chifukwa chake, mumva kuti anthu adatopa kusonkha. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo pa maliro amabwera ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo popanda wowakakamiza. Amatero chifukwa ufa wawo amauona ukuphikidwa, alendo akudya, ndipo eni maliro amaimirira n'kuthokoza. Ku bokosi la mzikiti ndalama imalowa, nkhani yake n'kuthera pomwepo. Chikhulupiriro chikatha kupereka kumathanso, ndipo wogona ndi njala amakhala mwana wamasiye ndi mwalimu wa madrasa amene watha miyezi osalandira kanthu. Choncho kusamalira wopereka ndi njira imodzi yosamalirira wosauka. Nazi zinthu zisanu ndi chimodzi zomwe wopereka ali nazo ufulu pa ife.

Choyamba: kumulandira ndi ulemu ndi kumpempherera

Mu Sura ya Tauba, ndime 103, Allah adamulamula Mtumiki (S.A.W) kuti atenge sadaka m'chuma cha okhulupirira n'cholinga chowayeretsa, ndipo m'ndime yomweyo adamulamulanso kuti awapempherere, popeza pemphero lake limakhazika mitima yawo pansi. Lamulo la kulandira ndi la kupempherera zidabwera limodzi. Imam Bukhari ndi Imam Muslim adasimba kuchokera kwa Abdullah bin Abi Awfa (R.A) kuti anthu akabwera ndi Zakaat yawo, Mtumiki amawapemphera madalitso, ndipo bambo ake a Abdullah atabwera ndi yawo, Mtumiki adalipempherera banja lawo molitchula dzina. Mu Hadith ina yomwe adailandira Abu Dawud ndi Tirmidhi tikuphunzitsidwa kuti munthu wosathokoza anthu sangamthokoze Allah.

Ulemu umenewu usasiyane potengera kukula kwa chopereka. Swahaba wina wotchedwa Abu Aqil (R.A) adabwera ndi kachopereka kochepa, theka la muyeso wa sa', ndipo munthu wina adabwera ndi zochuluka. Achinyengo adanyoza onse awiri: wa zochepa adati Allah alibe nazo ntchito, wa zochuluka adati akudzionetsera. Allah adawadzudzula onyozawo mu Sura ya Tauba, ndime 79. Mayi wogulitsa usipa amene wabwera ndi K500 alandiridwe ndi nkhope yomwe timalandirira mwini mabwato wobwera ndi K500,000. Sitidziwa kuti pamaso pa Allah cholemera ndi chiti.

Chachiwiri: kumphunzitsa ndi kumfewetsera njira

Anthu ambiri salephera kupereka chifukwa cha umbombo ayi, koma sadziwa mlingo woyenera ndiponso kokasiya. Komiti iliyonse ikhale ndi munthu wodziwa wothandiza anthu kuwerengera. Zakaat ya ndalama ndi katundu wamalonda imakakamizidwa pamene chuma chafika pa nisab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo chatha chaka chathunthu cha mwezi. Mlingo wake ndi gawo limodzi mwa magawo 40, ndiye kuti K2,500 pa K100,000 iliyonse. Wamalonda a nsomba amawerengera ndalama zake ndi nsomba zomwe adagula kuti agulitse, koma bwato, injini ndi ukonde zomwe msodzi amagwirira ntchito sizilowa m'chiwerengero. Mlimi amene wakolola pafupifupi makilogalamu 653 a chimanga chotong'ola, omwe ndi matumba pafupifupi 13 a makilogalamu 50, amatulutsa gawo limodzi mwa magawo 10 ngati munda udadalira mvula, ndi limodzi mwa magawo 20 ngati adathirira molipira. Wa mbuzi 40 amatulutsa mbuzi imodzi.

Pamene Mtumiki (S.A.W) ankatumiza Mu'adh bin Jabal (R.A) ku Yemen, adamulangiza kuti Zakaat itengedwe kwa olemera awo ibwezedwe kwa osauka awo, ndipo adamchenjeza kuti asasankhe chuma chamtengo wapatali cha anthu, komanso aope pemphero la munthu woponderezedwa. Wotolera asachite ngati wamsonkho wa pamsika. Asamunyazitse munthu pagulu, asatseke chitseko cha mzikiti kuti anthu asatuluke mpaka asonkhe, ndipo asalengeze maina a omwe sadapereke.

Tiyang'anenso nthawi yomwe anthu athu amapezera. Mlimi wa mpunga ndi chimanga amakhala ndi kanthu akakolola; kumpanikiza m'mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee, ndi kumzunza. Msodzi amapeza pang'onopang'ono, ndipo masiku a mwera amabwerako manja ali m'khosi. Tilole wina apereke ndowa ya mpunga, wina njerwa, wina tsiku limodzi la ntchito ya manja ake, zonsezo zilembedwe monga timalembera ndalama. Amene ali kutali atsegulireni njira ya Mpamba, Airtel Money kapena banki, koma nambala yake ikhale yodziwika kuti ndi ya mzikiti, isakhale ya m'thumba mwa munthu mmodzi.

Amayi asaiwalike. Pa tsiku la Eid, Mtumiki (S.A.W) atatha khutuba adapita kumene kudali amayi ali limodzi ndi Bilal (R.A), adawalangiza, ndipo iwo adayamba kuponya mphete ndi ndolo zawo m'nsalu ya Bilal. Sadadikire kuti iwo amutsatire. M'mizikiti mwathu mukhale mayi wokhulupirika wolandira ku mbali ya amayi, ndipo malipoti awafikenso iwo.

Chachitatu: kulemba

Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka ndi ya 282 ya Sura ya Baqara, ndipo ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ikufotokozanso chifukwa chake: kulemba ndi chilungamo pamaso pa Allah, kumalimbitsa umboni ndipo kumachotsa chikaiko. Ngati ngongole ya pakati pa anthu awiri ikufunika kulembedwa, nanga bwanji chuma cha mudzi wonse chomwe chili m'manja mwa anthu atatu? Khalifa Umar bin Khattab (R.A), chuma cha Asilamu chitachuluka, adakhazikitsa mabuku otchedwa diwan olembamo maina a anthu ndi zomwe ayenera kulandira. Maswahaba adali okhulupirika kuposa ife, komabe adalemba.

Zofunika zake si zodula. Pakhale buku la malisiti lokhala ndi manambala, lisiti imodzi ipite ndi wopereka, inzake itsale. Bokosi la Lachisanu litsegulidwe ndi kuwerengedwa ndi anthu osachepera atatu asadatuluke mu mzikiti, ndipo onse asaine. Ndalama za ku banki zisatulutsidwe ndi siginecha ya munthu mmodzi. Zakaat, sadaka ndi zopereka za chitukuko chilichonse zikhale ndi masamba akeake. Munthu akapempha lisiti tisamuyese wopanda imani kapena wofuna kutchuka. Lisiti imateteza wopereka, koma imateteza kwambiri msungichuma pa tsiku limene malilime ayamba kuyenda.

Chachinayi: kulemekeza cholinga chake

Chuma chimene tapatsidwa ndi amana, ndipo mwini wake adachipereka ndi niya yake. Zakaat ili ndi magulu asanu ndi atatu omwe Allah adawatchula yekha mu Sura ya Tauba, ndime 60: mafukara, masikini, ogwira ntchito yotolera Zakaat, olimbikitsidwa mitima yawo pa Chisilamu, kuombola akapolo, angongole, pa njira ya Allah ndi wapaulendo amene zamthera. Ma Ulama ambiri adagamula kuti Zakaat sigwiritsidwa ntchito yomangira mzikiti. Komiti yomwe yatenga Zakaat n'kugulira simenti yalakwira osauka, yalakwiranso wopereka amene akuganiza kuti wakwaniritsa nsichi ya Chisilamu.

N'chimodzimodzi ndi sadaka. Amene wapereka kuti tikonzere mjigo, ndalama yake isagule malata ngakhale denga likudontha. Ngati kufunika kwasintha, tibwerere kwa iye tikamfunse. Ambiri amavomera, ndipo amakondwa kuti afunsidwa. Umar (R.A) atapeza munda ku Khaybar adafunsa Mtumiki (S.A.W) chochita nawo, ndipo adalangizidwa kuti mundawo ausunge, zokolola zake zikhale sadaka. Adaika malamulo akuti usagulitsidwe, usapatsidwe munthu ngati mphatso ndipo usagawidwe ngati chuma chamasiye, adatchula oyenera kuthandizidwa, ndipo adaloleza woyang'anira kudyako mwa mlingo woyenera. Umenewu ndiwo waqf, ndipo woyang'anira waqf amatsata zomwe mwini wake adaika.

Kulemekeza cholinga ndi kuchitanso changu. Uqba bin Harith (R.A) adasimba kuti tsiku lina Mtumiki (S.A.W) atangomaliza Swala ya Asr adanyamuka mofulumira kulowa m'nyumba, anthu n'kudabwa. Atatuluka adafotokoza kuti adakumbukira kachidutswa ka golide wa sadaka komwe kadatsala, ndipo sadafune kuti kagone m'nyumba mwake, choncho adakagawa. Zakaatul Fitr imayenera kuperekedwa Swala ya Eid isadapempheredwe kuti wosauka adye pa tsikulo. Matumba opezeka m'sitolo ya mzikiti patatha sabata ndi umboni wotitsutsa. Kuchedwa kumadyanso chuma. M'mwezi wa Novembala chaka cha 2023 mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yomwe idangosungidwa kudikira chitukuko siidathenso kugula zipangizo zomwe ikadagula poyamba. Ngati ntchito ili yokonzeka, zipangizo zosaonongeka zigulidwe msanga ndi kulembedwa.

Chachisanu: kumubwezera mawu

Ena mwa ife amati: ine ndimaopa Allah, sindifunika kudziyeretsa kwa anthu. Tamverani izi. Mtumiki (S.A.W) ali pa i'tikaf mu mzikiti, mkazi wake Safiyya (R.A) adabwera kudzamuona usiku, ndipo iye adanyamuka kumperekeza. Anthu awiri a mwa Answar adawaona n'kufulumiza kuyenda. Mtumiki adawaimitsa n'kuwauza kuti mkaziyo ndi Safiyya. Iwo adadabwa, poti sakadamganizira choipa, koma iye adawafotokozera kuti Satana amayenda mwa munthu monga magazi amayendera, ndipo adaopa kuti angaponye choipa m'mitima mwawo. Ngati munthu wotetezedwa ku machimo adatseka khomo la chikaiko asadafunsidwe, msungichuma wa mzikiti wathu ndani kuti akhale chete?

Kamodzi pa mwezi, Swala ya Jumu'a ikatha, mlembi aimirire anene zomwe zidalowa, zomwe zidatuluka ndi zomwe zatsala, ndipo pepala lake likhomedwe pakhoma. Aziwerenga m'chilankhulo chomwe anthu akumva, Chiyao kapena Chichewa, pakuti si onse otha kuwerenga. Kamodzi pa chaka mabuku aonedwe ndi anthu omwe sali m'komiti. Mabungwe olembetsedwa kuboma akudziwa kale kuti lamulo la dziko lathu limafuna lipoti la ntchito ndi la chuma chaka ndi chaka; Msilamu asadikire lamulo la boma kuti limkakamize chinthu chomwe chipembedzo chake chidamulamula kale. Lipoti linene ngakhale zomwe sizidayende. Ngati uvuni wa njerwa udagwa ndi mvula, kapena mmisiri adathawa ndi ndalama, nenani. Anthu amapirira nkhani yowawa yochokera pakamwa pa komiti, koma akaimvera kudoko kapena pa mjigo imakhala itakula kale, paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tikumbukire makamaka opereka omwe ali kutali. Ana athu ambiri ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, kumene akugwira ntchito zolemetsa, kugona mopanikizana, n'kumatumiza kanthu kumudzi. Mnyamata wotere akatumiza ndalama ya mzikiti, alandire uthenga tsiku lomwelo wonena kuti yafika ndi kuchuluka kwake, ndipo ntchito ikagwirika alandire chithunzi chake. Alipo enanso omwe sadapondepo dziko lino. Dr Abdul Rahman al-Sumait wa ku Kuwait, amene adamwalira m'chaka cha 2013, adayambira kuno ku Malawi ntchito yake yothandiza Asilamu a mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ntchitoyo idakula n'kukhala bungwe la Africa Muslims Agency, lomwe limadziwikanso kuti Direct Aid. Mizikiti, zitsime ndi sukulu zomangidwa m'njira yotere zimachokera m'matumba a anthu amene amangodalira mawu athu. Pamene namondwe wa Freddy adasakaza chigawo chakumwera m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, thandizo lidachokera kwa anthu a m'dziko muno ndi akunja omwe. Ngozi zotere zimabweranso, ndipo amene adabwezeredwa mawu oona ulendo woyamba ndi amene amafulumira kuyankha ulendo wachiwiri.

Pano pali malire oyenera kuwasamala. Kukondweretsa wopereka kusakhale kunyazitsa wolandira. Sura ya Baqara, ndime 264, ikuletsa kuononga sadaka ndi kukumba komanso kupweteka mtima wa wopatsidwa, ndipo ndime 271 ikunena kuti kupereka poyera ndi kwabwino koma kupereka mobisa kwa osauka ndi kwabwino koposa. Jambulani mjigo, makoma ndi matumba. Musaimike mayi wamasiye ndi ana ake padzuwa atanyamula kathumba ka ufa kuti nkhope zawo ziyende pa WhatsApp popanda chilolezo chawo. Nayenso wopereka afunsidwe ngati akufuna kuti dzina lake litchulidwe. Akakana, m'buku mulembedwe kuchuluka kwake, dzina likhale chinsinsi cha wolandira.

Chachisanu ndi chimodzi: manja oyera

Mtumiki (S.A.W) adatuma munthu wotchedwa Ibn al-Lutbiyya kukatolera Zakaat. Atabwerera adapatula zina n'kunena kuti zimenezo adapatsidwa iye ngati mphatso. Mtumiki adakwera pa mimbari n'kufunsa chifukwa chimene munthu wotere sakhalira m'nyumba ya bambo ake kapena mayi ake kuti aone ngati mphatsoyo ingamtsatire kumeneko, ndipo adachenjeza kuti wotenga kanthu mopanda chilungamo adzabwera atakasenza pa Tsiku la Kiyama. Mdzukulu wake Hasan (R.A), ali mwana, adatola tende imodzi ya sadaka n'kuika mkamwa, ndipo Mtumiki adamlavulitsa, popeza sadaka si yololedwa kwa akubanja lake.

Chisilamu sichikuletsa kuti wogwira ntchito alipidwe. Taona kuti otolera Zakaat ali m'gulu la magulu asanu ndi atatu aja. Chofunika n'chakuti malipiro ake, ndalama ya mayendedwe ndi zina zoyendetsera ntchito zigwirizanidwe poyera, zilembedwe ndipo opereka azidziwe. Kubwereka ndalama ya mzikiti kukaonjezera mpamba wa geni, ngakhale uli ndi cholinga chobweza, ndi kuswa amana. Kuika abale ako patsogolo pa mndandanda wa olandira pamene alipo ovutika kuposa iwo ndi kuswanso amana. Ife a kunyanja tikudziwa kuti nsomba ikaola imodzi m'dengu, zonse zimatchedwa zoola: komiti imodzi ikaononga, mizikiti yoyandikana nayo imavutikanso kutolera.

Koma kwa inu okhulupirika pali nkhani yabwino. Abu Musa al-Ash'ari (R.A) adasimba kuchokera kwa Mtumiki (S.A.W) kuti msungichuma wa Chisilamu wokhulupirika, amene amapereka chomwe walamulidwa chonse chathunthu, ndi mtima wokondwa, kwa munthu amene walamulidwa kumpatsa, amawerengedwa kukhala mmodzi mwa opereka sadaka. Mutha kukhala wopanda chuma, koma pofikitsa bwino chuma cha ena mukulembedwa limodzi nawo.

Khutuba yachiwiri

Abale ndi alongo anga opereka, inunso muli ndi gawo lanu. Yeretsani niya, pakuti mukupereka kwa Allah, ndipo malipiro anu salephereka chifukwa cha kulakwa kwa wolandira. Funsani lisiti ndi lipoti mwaulemu, pa bwalo loyenera. Sura ya Hujurat, ndime 6 ndi 12, ikutilamula kufufuza nkhani tisadaikhulupirire ndi kupewa kuganizirana zoipa ndi miseche. Kumutcha munthu wakuba popanda umboni ndi tchimo lalikulu, ndipo kwathawitsa anthu abwino ambiri pa maudindo a mzikiti. Chopereka chanu chisakhale chingwe chokokera Imam kapena komiti kumene inu mukufuna. Ndipo ngati mudakhumudwapo, musatseke dzanja; funani njira yodalirika, kapena perekani nokha kwa wosauka amene mukumdziwa.

Kwa makomiti onse, pempho langa ndi lakuti mwezi uno usathe musadagule buku la malisiti, musadasankhe anthu atatu owerenga bokosi la Lachisanu, ndiponso musadalengeze tsiku la lipoti loyamba. Ngati mabuku akale ali osokonekera, itanani akuluakulu a mzikiti, nenani pomwe zinthu zilili, muyambire pamenepo.

Tikupempha Allah (S.W.T) alandire zopereka za onse amene adapereka, zochepa ndi zambiri, awadalitse pa zomwe zawatsalira ndipo awabwezere zabwino koposa. Ateteze asodzi athu panyanja, adalitse minda yathu, ndipo asunge ana athu amene ali kunja. Atipatse ife osunga chuma cha Asilamu mitima yoopa Iye, kuti pa Tsiku la Chiwerengero tisadzapezeke titasenza cha mwana wamasiye. Akhululukire makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi omwe adatsogola. Ameen.